OFUFUZA ZA MAGANIZO A ANA A SUKULU: NCHITO IMENE IKUDIKIRA ANA ATHU

Mlimi aliyense amene anabzalapo nshawa za MGV4 kapena MGV5 anadyerapo thukuta la anthu amene mwina sanawaonepo ndi maso. Cilembo ca M pa dzina la mbeu zimenezi ciimira Msekera, malo ofufuzira za ulimi amene ali pafupi ndi Chipata. Kumeneko akatswiri amadula munda m'tizigawo, apa abzala mbeu iyi, apo abzala mbeu ina, nthaka imodzi, mvula imodzi, ndipo pokolola amaika zonse pa sikelo kuti aone imene yabereka koposa. Palibe mlimi wanzeru amene amanena kuti anthu amenewa akutaya nthawi, cifukwa phindu lao timaliona m'nkhokwe.

Lero tifuna kukamba za ofufuza a mtundu wina amene ambiri a ife sitiwadziwa. Iwowa munda wao ndi sukulu, ndipo cimene amayeza ndi mtendere wa m'maganizo mwa mwana: kodi n'cifukwa ciani mwana amene anali kukhoza bwino wayamba kukhala duu m'kalasi, kodi ana otere ndi angati, ndipo ndi thandizo lotani limene limawadzutsa. Imeneyi ndi nchito yeniyeni ya ku yunivesiti, ili ndi maphunziro ake ndi malipiro ake, ndipo ife tiona kuti ana a m'midzi ndi m'makomboni mwathu ndiwo oyenera kuigwira.

Vuto lilipo pakati pathu

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa acinyamata 7 alionse a zaka 10 kufika 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, makamaka nkhawa yosatha ndi cisoni cozama cimene cimamlanda munthu mphamvu ndi tulo. Tikatengera ciwerengero cimeneci m'kalasi la ana 60, ndiye kuti ana 8 kapena 9 akhala pa desiki ndi mtolo umene mphunzitsi sakuuona. Ofufuza anapezanso kuti pafupifupi theka la matenda a maganizo amene amasautsa akulu amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Akale sananame pamene anati m'mera mpoyamba.

Ife makolo tili ndi maina athu a mwana wotere. Akaleka kudya ndi kuceza timati wayamba matama. Akagwa pa mayeso timati ndi ulesi. Akayamba kulusa timati ndi mwano, ndipo zikafika poipa timathamangira kunena kuti amlodza. Mau akuti matenda a maganizo tikawamva, m'mutu mwathu mumabwera munthu wovula zovala pa msika ndi cipatala ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Koma ana ambiri ovutika safika pamenepo. Amavala yunifomu bwinobwino, amasesa pabwalo, amatunga madzi, pamene mtima uli kulira.

Zowalemetsa sizisowa. Ena ndi amasiye. Ena amaona nkhonya m'nyumba usiku uliwonse. Atsikana amene anatenga pathupi amaloledwa kubwerera ku sukulu kuyambira m'caka ca 1997, koma lamulo silitseka pakamwa anzao owaseka. Mu Marichi 2020 masukulu anatsekedwa kamba ka COVID-19. Mu Januwale 2024 anacedwa kutsegulidwa kamba ka kolera, ndipo caka comweco cilala cinapsereza cimanga kotero kuti boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Maphunziro aulere amene anayamba m'caka ca 2022 anabweza ana ambiri ku sukulu, cinthu cabwino ndithu, koma makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangadziwe za mumtima mwa mwana aliyense. Lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo la 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Komabe lamulo palokha siliuza mphunzitsi wa ku Chadiza cocita Lolemba m'mawa ndi mwana amene wanena kuti watopa nao moyo. Yankho la funso lotere limacokera ku kafukufuku.

Phunziro la ku Katete

Kufufuza maganizo a ana si cinthu cacilendo m'dziko lathu. Robert Serpell, katswiri wa za maganizo amene anabwera kuno m'caka ca 1965 ndipo pambuyo pake anatsogolera Yunivesiti ya Zambia kuyambira 2003 kufika 2006, anayamba kafukufuku m'midzi ya Acewa m'boma la Katete m'caka ca 1973. Iye anali kufunsa akuluakulu a m'mudzi kuti, pa ana awa, ndi uti amene mungamtume pakagwa vuto lakuti, ndipo n'cifukwa ciani. Mayankho ao anaonetsa kuti kwa Acewa nzeru ili ndi mbali ziwiri. Pali kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga, ndipo pali kutumikira, ndiko kumvera ndi kukhulupirika pa zimene wapatsidwa. Mwana wocenjera koma wosatumikika akuluakulu sanali kumuwerengera kuti ndi wanzeru wokwanira.

Pa kafukufuku wina amene anafalitsidwa m'caka ca 1979, Serpell anapatsa nchito yofanana ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England, yakuti atengere zithunzi zina. Pogwiritsa nchito pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Pogwiritsa nchito waya, ana a ku Lusaka, ozolowera kupanga magalimoto a waya, ndiwo anapambana. Poumba ndi dongo, onse anafanana. Apa panaoneka poyera kuti muyezo wocokera kutali ungathe kunamizira mwana kuti ndi mbuli pamene vuto lili pa muyezowo. Kucokera pa nchito imeneyi kunabadwa njira yoyezera kakulidwe ka nzeru za mwana yochedwa Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu ndi dongo.

Ana a ku Katete aja anawatsatira mpaka anakula, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku lake la 1993. Anaonetsa kuti sukulu yathu ili monga makwerero amene amanka nacepa kumwamba: ocepa amafika pamwamba, ambiri amatsala panjira, ndipo otsalawo kawirikawiri amadziimba mlandu kuti analibe nzeru. Bala limeneli munthu amayenda nalo moyo wonse. Dziwani kuti zonsezi sizikanadziwika popanda anthu olankhula Cicewa amene anakhala pansi ndi agogo ndi ana, kufunsa ndi kumvetsera.

Zimene ofufuza apeza m'maiko ena ndi kuno

Ku Zimbabwe madotolo anaona kuti odwala sanali kumva mau a Cingerezi onena za cisoni cozama, koma anali kunena kuti ali ndi kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Vikram Patel ndi anzake anasonkhanitsa mau otere a Cishona napanga mafunso 14 oyezera vutoli m'caka ca 1997. M'caka ca 2006 dotolo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare mu Harare kuti azikhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera ovutika ndi kuwathandiza kumasula mavuto ao limodzi limodzi. Ambiri anakaika. Conco anayesa njirayi monga amayesera mbeu: anthu 573 anagawidwa pawiri, ena analandira thandizo la pa benchi, ena thandizo la masiku onse. Zotsatira za m'caka ca 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa a pa benchi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akali ndi cisoni cozama, pamene gulu linalo anali 50 pa 100.

Kuno kwathu ku Lusaka, Laura Murray wa ku yunivesiti ya Johns Hopkins ku America pamodzi ndi anzake a m'Zambia anayesa uphungu wa ana amene anaona zoopsa, monga kumenyedwa, kugwiriridwa ndi imfa ya makolo. Ana 257 a zaka 5 kufika 18 anatengako mbali, ndipo opereka uphunguwo anali anthu wamba ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Lipoti la 2015 linanena kuti zizindikiro za mantha ndi kuvutika mtima zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 mwa ana olandira uphunguwo, pamene mwa ana enawo zinatsika ndi 21 pa 100.

Ku Kenya mnyamata wina wokulira kumudzi, Tom Osborn, ali pa maphunziro ku Harvard, anayambitsa ndi anzake njira yochedwa Shamiri, mau a Ciswahili otanthauza kukula bwino. Acinyamata a zaka 18 kufika 26 otsiriza sekondale amatsogolera timagulu ta ana a sukulu ola limodzi pa mlungu kwa milungu inai, kukambirana za kuyamikira, za mfundo zimene munthu amaimapo, ndi zakuti nzeru zimakula munthu akalimbikira. Sachula matenda ai, kuopa kucititsa ana manyazi. Atayesa pa ana 413 a m'masekondale anai a ku Nairobi ndi Kiambu, lipoti la 2021 linaonetsa kuti nkhawa ndi cisoni zinatsika koposa gulu limene linali kungophunzira za kawerengedwe ka mabuku, ndipo kusiyanako kunali kuonekabe patapita miyezi 7.

Tisaganize kuti kafukufuku amavomereza zonse. Ku India, m'cigawo ca Bihar, anayesa njira imodzi m'masukulu oposa 70. M'masukulu ena anaipereka kwa mlangizi wolembedwera nchito yokhayo, m'masukulu ena anaisenzetsa mphunzitsi amene anali kale ndi makalasi ake. Zotsatira za 2018 zinaonetsa kuti kumene kunali mlangizi, kuvutitsana kwa ana ndi cisoni zinacepa, koma kumene anasenzetsa mphunzitsi sikunasinthe kanthu. Ku Britain nako, akatswiri otsogoleredwa ndi yunivesiti ya Oxford anayesa maphunziro okhazika mtima pansi pa ana oposa 8,000 m'masukulu oposa 80, ndipo m'caka ca 2022 ananena poyera kuti sanapose maphunziro a masiku onse. Yankho lakuti ai ndi lamtengo wapatali, cifukwa limapulumutsa ndalama zimene zikanathira mbeu yosamera.

Tikaika pamodzi nkhani zimenezi, mfundo imodzi ikuonekera. Thandizo limagwira pamene laperekedwa m'cilankhulo ca mwana, ndi munthu amene mwanayo angamkhulupirire ndiponso amene ali ndi nthawi yomumvetsera. Ndipo cimene cagwira ku Nairobi ciyenera kuyesedwanso ku Petauke, monga mbeu ya ku cigwa siingobzalidwa ku mtunda osaiyesa. Oyesawo adzacokera kuti ngati si m'nyumba zathu?

Njira yolowera nchitoyi

Khomo loyamba ndi kukhoza bwino mayeso otsiriza a ku sekondale, makamaka Cingerezi, masamu ndi sayansi. Masamu tawachula dala, cifukwa wofufuza amakhalira kuwerengetsa. Kucokera apo njira zilipo zingapo. Ku Yunivesiti ya Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, mwana angaphunzire za maganizo ndi khalidwe la munthu, zimene pa Cingerezi amati Psychology, kapena angalowe ku sukulu ya zauphunzitsi kumene kuli cigawo ca maganizo a ophunzira ndi maphunziro a ana olumala. Digiri yoyamba imatenga zaka zinai. Ena amadzera ku udotolo kapena unamwino, ndipo yunivesiti ya Levy Mwanawasa ku Lusaka, imene inatenga koleji yakale ya Chainama, imaphunzitsa ogwira nchito za umoyo wa maganizo. Enanso amayamba monga aphunzitsi wamba, apatsidwa udindo wa uphungu pa sukulu, kenaka abwerera ku yunivesiti ali ndi mafunso amene anawatola m'kalasi. Bungwe la boma la HELSB limapereka ngongole za maphunziro kwa ena mwa olowa m'mayunivesiti a boma, ndipo ngongoleyo imabwezedwa munthu akayamba nchito.

Wotsiriza digiri yoyamba kawirikawiri amayamba monga wothandizira ofufuza. Amapita m'masukulu ndi mafunso, amalemba mayankho, amamasulira zokamba za ana kucokera m'Cinyanja kupita m'Cingerezi. Akaonetsa luso amapita ku digiri yaciwiri ya Masters, ya zaka ziwiri, kumene amacita kafukufuku wakewake wocepa. Pamwamba pake pali PhD, ya zaka zitatu kapena kuposerapo, imene imampatsa dzina la dokotala ngakhale sabaya nyeleti. Ena amaicita konkuno, ena kunja. Bungwe la Beit Trust limalipirira ophunzira ocokera ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, maphunziro a Commonwealth amatumiza ena ku Britain, ndipo ku South Africa mayunivesiti a Cape Town ndi Stellenbosch ali ndi likulu limodzi lophunzitsa za umoyo wa maganizo a anthu ambiri. Tikawerenga zonse, kucokera ku sekondale kufika pa PhD ndi zaka pafupifupi 10. Pambuyo pake munthu amalembedwa monga mphunzitsi wa pa yunivesiti, ndipo amakwera mpaka pa uprofesa malinga ndi zimene wafufuza ndi kufalitsa.

Zokoma ndi zowawa zake

Tisabise, nchitoyi si ya munthu wofuna kulemera msanga. Wothandizira ofufuza amalembedwa kwa miyezi yowerengeka, ndalama za kafukufuku zikatha nayenso nchito yatha mpaka ina ipezeke. Ndalama zambiri zofufuzira zimacokera kunja, ndipo wofufuza amatha milungu akulemba pempho limene mwina lidzakanidwa. Lipoti lake lisanafalitsidwe, akatswiri anzake amalisanthula ndi kulibweza kuti akonze, nthawi zina kawiri kapena katatu. Pa yunivesiti amayembekezeredwanso kuphunzitsa makalasi aakulu ndi kuconga mapepala. Palinso kulemera kwa zimene amamva, pakuti munthu amene tsiku lonse wamvetsera ana osimba za nkhanza amafika kunyumba mtima uli wolema, ndipo nayenso afunika wina womumvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali ngozi inanso. Ndalama zikacokera kutali, mafunso naonso amacokera kutali, ndipo ana athu angathe kukhala onyamula zikwama cabe pamene maina a pa lipoti ndi a alendo. Mankhwala ake ndi akuti ana athu afike pa maphunziro apamwamba kuti azisankha okha zofufuza. Mafunso amene akudikira ndi ambiri. Kodi mwana wa ku Lundazi akanena kuti mtima uli m'mwamba, kapena kuti mutu walemera, kapena kuti akuganiza kwambiri, atanthauza cinthu cimodzi kapena zitatu? Kodi miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, imasintha motani maganizo a ana m'kalasi? Kodi mtsikana wobwerera ku sukulu atabereka amathandizidwa ndi ciani kuti asalekenso? Kodi ana ogonera m'tinyumba ta lendi pafupi ndi sekondale, kutali ndi makolo, amapirira bwanji? Kodi anamkungwi, azakhali ndi agogo angaphunzitsidwe monga anacitira ku Mbare? Mlendo angabwere ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mutu ndiye adziwa pamene payabwa.

Phindu lake ndi lakuti cimene wofufuza mmodzi wapeza cingasinthe kacitidwe ka masukulu mazanamazana. Dotolo amaciritsa amene wafika pa khomo lake, pamene wofufuza amathandiza ndi ana amene sadzakumana nao konse.

Ofufuza akafika pa sukulu yathu

Tsiku lina mwana adzabwera ndi kalata yopempha kuti atengeko mbali pa kafukufuku. Tisaing'ambe ndi mantha akuti ndi za satana kapena zotenga magazi, komanso tisasaine m'cimbulimbuli. Safunsa anadya phula. Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko lathu amayendera lamulo la 2013 limene linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, ndipo asanayambe ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti anthu sakuponderezedwa. Wolowa m'sukulu ayeneranso kukhala ndi cilolezo ca akuluakulu a zamaphunziro.

Conco kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti ofufuzawo acokera kuti, makalata ao ali kuti, adzafunsa ciani, ndipo mayankho a mwana adzasungidwa motani kuti asamveke m'mudzi. Tifunsenso funso lalikulu: mukapeza kuti mwana wanga ali pa ngozi, mudzamtumiza kwa yani? Kholo lingakane, mwana nayenso angakane kapena kulekera panjira, ndipo palibe amene ayenera kumlanga kapena kumcotsera mamalikisi. Pomaliza tiwapemphe kuti akatsiriza abwere ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi adzatiuze m'cilankhulo cathu zimene apeza. Wobwereka khasu amabweza kwa mwini.

Mau kwa makolo ndi acinyamata

Makolo anzathu, mwana akanena kuti afuna kuphunzira za maganizo, tisamseke kuti afuna kukasunga amisala. Ngati ndi mwana amene anzake amathamangira kwa iye akakhala ndi vuto, wosunga cinsinsi, wokonda kufunsa cifukwa, wosaopa masamu, ameneyo ali ndi mbali zonse ziwiri za nzeru zimene akuluakulu a ku Katete anachula. Timlimbikitse, ndipo asanyoze cilankhulo cake, pakuti pa nchitoyi Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka cake ndi cida cimene profesa wa ku London alibe.

Pamene tikudikira akatswiri amenewa, pali zimene tingacite lero. Mwana akasintha khalidwe kwa milungu ingapo, osagona, osadya, wodzipatula, tikhale naye pansi tisanatole ndodo. Akachula zodzipha tisayese nthabwala. Tisamsiye yekha, ticotse pafupi mankhwala a thonje, a m'dimba ndi a makoswe, ndipo tipite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Pa lamya pali nambala yaulere ya 116 ya ana ndi 933 ya akulu, kumene kuli aphungu omvetsera.

Nshawa za ku Msekera zinatenga zaka zambiri zoyesa zisanafike m'minda yathu, ndipo panali ana a alimi amene anapirira maphunziro kuti agwire nchitoyo. Maganizo a ana athu afunika anthu opirira cimodzimodzi, ndipo ena mwa iwo ali m'makalasi athu caka cino.